Chifuwa cha matchona si ufiti, tilembe maina ao asanathe

Chakudza sichiimba ng'oma, anatero makolo athu. Mwa matenda onse amene amafika mwakachetechete, ndi ochepa amene afanana ndi matenda a fumbi la kumigodi. Mnyamata apita ku nchito ali wamphamvu, abwerera kumudzi ndi njinga, wailesi ndi sutikesi, alima chimanga, thonje ndi nsawa zaka 20 kapena 30 popanda chovuta. Kenaka ayamba kuima pakati pa mzere kuti akoke mpweya. Chaka chotsatira alephera kukwera kamtunda kopita ku tchalitchi. Amwa mankhwala a TB miyezi 6 koma chifuwa osatha, ndipo pamaliro pake anthu anong'onezana za mbale wake amene anakangana naye pa malire a munda.

Ambiri a ife kuno ku Chipata, Chadiza, Vubwi, Katete, Petauke ndi Lundazi taikapo atate, amalume kapena agogo amene anapita motere. Maganizo athu lero ndi akuti maparishi, mipingo ndi makopaletivu a alimi ayambe kulemba maina a anthu onse amene anagwirapo nchito m'fumbi, amoyo ndi omwalira omwe, ndi kusunga mapepala ao. Kumaiko kumene odwala matendawa analandira chipukutamisozi, chimene chinawathandiza ndi dzina lolembedwa ndi pepala losungidwa. Misozi yokha sinatsegulepo chitseko cha ofesi.

Tiyambe ndi anthu amene ali kutali ndi ife, asilikali a pamadzi a ku America ndi ku Britain. Woyenda panyanja amaopa moto koposa zonse, pakuti m'chombo mulibe kothawira. Pa chifukwa ichi, kuyambira m'ma 1930 mpaka m'ma 1970, opanga zombo zankhondo ankagwiritsa nchito kwambiri asbestos, mwala wokhala ndi ulusi umene supsa ndi moto. Ankaukulunga pa mapaipi a nthunzi, pa maboila ndi m'zipinda za injini. Ngakhale zombo zoyendera mphamvu ya nyukiliya, monga Nautilus yoyenda pansi pa madzi imene America anaiika panyanja mu 1954, ndi Enterprise yonyamula ndege imene inayamba nchito mu 1961, zinkadalira nthunzi yomweyo. Mphamvu ya nyukiliya imangotenthetsa madzi, nthunzi ndiyo imazunguza makina, ndipo paipi yotentha ifunika chofunda. Anthu akunja ankaopera asilikaliwo poizoni wa nyukiliya. Koma amisiri akamamatula chofunda chakale kuti aike chatsopano, fumbi loyera linkadzaza m'zipinda zopanda mazenera, ndipo aliyense wokhalamo ankalipuma.

Patapita zaka 30 kapena 40 amunawo anayamba kudwala, ndipo maboma ao sanathamangire kuwalipira. Ku America msilikali wakale ayenera kuonetsa zinthu zitatu ku dipatimenti yoona za asilikali opuma: kalata ya dokotala yotchula matenda, mapepala oonetsa kumene anagwira ndi nchito imene ankagwira, ndi umboni wa dokotala wakuti matendawo achokera ku nchitoyo. Ku Britain lamulo silinkalola msilikali kusumira boma pa zimene zinamuchitikira chaka cha 1987 chisanafike. Motero munthu wamba wodwala khansa ya asbestos ankatha kulandira ndalama zambiri nthawi imodzi, pamene msilikali ankapatsidwa penshoni yodontheza, chonsecho khansayi imapha kawirikawiri m'chaka chimodzi kapena ziwiri. Bungwe la asilikali akale la Royal British Legion linalimbana ndi boma mpaka mu 2016 pamene anayamba kupereka mapaundi 140,000 nthawi imodzi kwa wodwala amene asankha kutero. Amunawa anapambana chifukwa dzina la aliyense ndi chombo chake zinali m'buku, ndiponso anali ndi bungwe lowalankhulira.

Pepala lili ndi mphamvu ngakhale litagona zaka zambiri. Kampu ya asilikali ya Gondar kuno ku Chipata inatenga dzina la mzinda wa ku Ethiopia kumene kunamenyedwa nkhondo mu 1941. Agogo athu a Northern Rhodesia Regiment anamenya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse kuyambira kum'mawa kwa Africa mpaka ku Burma. Zoti anachepetsedwa pa malipiro zinkakambidwa poota moto chabe, kufikira mu 2019 pamene atolankhani anatulutsa pepala lakale la boma la Britain. Linaonetsa kuti pomaliza nkhondo msilikali wamba wachizungu ankalandira masheleni 10 pa mwezi uliwonse umene anatumikira, pamene wachikuda wa udindo womwewo ankalandira masheleni 3 ndi theka. Zimene nkhalamba zinkanena zaka zoposa 70 zinamveka kunyumba ya malamulo ku London chifukwa cha pepala limodzi.

Ife tilibe zombo zankhondo, koma asbestos timudziwa. Msonkho wa atsamunda ndi kulandidwa kwa malo ndi kampani ya North Charterland zinathamangitsa amuna ambiri a ku Fort Jameson, imene lero ndi Chipata, kukafuna nchito kutali. Ena anayenda pansi kudzera ku Tete, ena anakwera magalimoto a Ulere, ena anafika mpaka ku Joni, ndipo ena analunjika ku Copperbelt. Amene analowa ku Southern Rhodesia, imene lero ndi Zimbabwe, anagwira m'mafamu a fodya ndi m'migodi. Pakati pa migodi ikuluikulu ya dzikolo panali ya asbestos ya ku Shabani, lero Zvishavane, ndi ya ku Mashaba, lero Mashava. M'makomboni a migodi ya kumeneko Chinyanja chinkamveka ngati kwathu, ndipo gule wamkulu ankavinidwa ndi anthu ochokera kuno, ku Malawi ndi ku Mozambique. Ena anabwerera, ena anatchona, ndipo zidzukulu zao zikali komweko.

Eni migodi ya ku Shabani ndi Mashaba anali a kampani ya ku Britain ya Turner and Newall, ndipo sanganene kuti sanadziwe. Mu 1924 mai wina dzina lake Nellie Kershaw, amene ankapota ulusi wa asbestos pa fakitale ya Turner ku Rochdale, anamwalira ali ndi zaka 33, mapapo ake ataonongeka ndi fumbi. Kampani inakana kumulipira. Mu 1931 Britain anakhazikitsa malamulo ochepetsa fumbili m'mafakitale ake. Mu 1960 dokotala J.C. Wagner ndi anzake anaonetsa kuti khansa yoopsa yotchedwa mesothelioma inali kugwira anthu okhala pafupi ndi migodi ya asbestos ku South Africa, ngakhale ena amene sanalowepo mumgodi. Zonsezi zinkadziwika pamene abale athu ankalongedza ulusi m'matumba ndi manja.

Lero wofuna kudandaula apite kwa yani? Migodi ya ku Shabani ndi Mashaba inagulitsidwa kwa wamalonda wa ku Zimbabwe, Mutumwa Mawere, mu 1996. Boma la dzikolo linailanda mu 2004, ndipo pofika cha m'ma 2010 nchito inali itaima, anchito zikwizikwi atasiyidwa opanda malipiro. Turner and Newall nayo inagwa mu 2001 chifukwa cha kuchuluka kwa milandu ya asbestos. Kugwa kwa ndalama ya Zimbabwe mu 2008 kunadya mapenshoni a anthu ambiri. Umu ndi mmene matendawa amachenjerera. Amadikira mpaka bwana atachoka, kampani itasintha dzina, foromani atamwalira, ndiye amaonekera kwa nkhalamba yokhala pamudzi wopanda ngakhale bokosi la makalata.

Nkofunika kuti tiwadziwe matendawa. Ulusi wa asbestos ndi waung'ono kotero kuti maso sauona. Ukalowa m'mapapo sutuluka ndipo susungunuka. Mapapo amachita zipsera ndi kuuma, ndiye matenda otchedwa asbestosis. Umayambitsanso khansa ya m'mapapo, ndi mesothelioma ija, imene imagwira kachikopa kokuta mapapo ndipo ingaoneke patapita zaka 20 mpaka 50. Zizindikiro zake ndi phuma, chifuwa chouma chosatha, kupweteka m'nthiti, kuonda, ndipo ena madzi amadzaza m'chifuwa. Amai amene ankakutumula ndi kuchapa zovala za amuna ao nawonso anapuma fumbi lomwelo, ndipo ena anadwala osalowapo pa geti ya mgodi. Wosuta fodya amene anapumapo asbestos ali pa ngozi yaikulu koposa ya khansa ya m'mapapo. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO likuti anthu oposa 200,000 amamwalira chaka chilichonse chifukwa cha asbestos amene anapuma pa nchito.

Palinso mphwake wa matendawa, silicosis, amene amadza ndi fumbi la miyala m'migodi ya golide ndi ya kopa. Iye amaumitsanso mapapo ndipo amatsegulira TB chitseko. Ndiye chifukwa chake wa kumigodi wakale angachire TB lero, mawa nkumugwiranso. Mankhwala ochotsa fumbi m'mapapo kulibe, koma alipo ochepetsa ululu ndi phuma, ndipo TB imachizika. Chofunika nchakuti wodwala akafika ku Chipata Central, ku St Francis ku Katete, ku Mwami kapena pa kiliniki iliyonse, auze adokotala nchito imene anagwira, mgodi wake ndi zaka zake, ngakhale asanafunsidwe. Dokotala salota. Akaona nkhalamba ya kumudzi amaganiza za khasu, saganiza za Shabani.

Kodi anthu akuda osauka analandirapo kanthu? Inde. Anthu 7,500 a ku South Africa anasumira kampani ya Cape ku London. Mu 2000 khoti lalikulu la ku Britain linalola kuti mlandu uzengedwe kumeneko, ndipo mu 2003 kampaniyo inapereka mapaundi 7.5 miliyoni. Chaka chomwecho Gencor ndi makampani ena anavomera kupereka ndalama zoposa marandi 400 miliyoni, zimene zinayambitsa thumba la Asbestos Relief Trust. Mu 2008 South Africa analetsa asbestos kotheratu. Pa mbali ya silicosis ndi TB, makampani 6 a golide anavomera kupereka marandi 5 biliyoni, khoti linavomereza mu 2019, ndipo thumba la Tshiamiso Trust limalipira amene anagwira m'migodi yao pakati pa 1965 ndi 2019, ngakhale ochokera kumaiko ena, kuphatikizapo amasiye ao. M'matumba onsewa mafunso ndi amodzimodzi: unagwira mgodi uti, zaka ziti, nambala yako inali chiani, dokotala wapeza chiani. Amene alibe yankho amabwerera chimanjamanja.

Kwathu kuno lamulo lilipo. Bungwe la Workers' Compensation Fund Control Board, limene likulu lake lili ku Ndola, limalipira ogwira nchito ovulala ndi odwala matenda a pa nchito, kuphatikizapo matenda a fumbi la kumigodi. Amene amapima anthu a kumigodi ndi kutsimikiza matendawa ndi a Occupational Health and Safety Institute, amene likulu lao lili ku Kitwe. Koma kuchoka ku Chipata kukafika ku Kitwe ndi mtunda woposa makilomita 900. Nkhalamba yolephera kufika pa chitsime idzaupirira bwanji ulendo wotere, ndi ndalama za basi zochokera kuti, pamene za chimanga zimadikiridwa miyezi? Lamulo limene wodwala sangalifikire lili ngati nkhokwe yodzaza yopanda makwerero. Ndipo a ku Kitwe sangatumize madokotala kuno ngati palibe amene angawauze kuti ku Chigawo cha Kum'mawa kuli anthu angati, m'midzi iti.

Apa ndi pamene mipingo ilowera. Kusunga maina ndi nchito imene tchalitchi chiidziwa kuposa ofesi iliyonse m'chigawo chino. Kuyambira pamene mishoni ya Magwero inatsegulidwa mu 1899, mipingo yakhala ikulemba obatizidwa, okwatira ndi omwalira, ndipo munthu wosowa tsiku lake lobadwa amathamangira kwa abambo mfumu kapena kwa abusa. Miphakati imadziwa khomo lililonse lokhala ndi wodwala. Amai a Chigwirizano ndi a mabungwe ena ndiwo amayendera odwalawo. Alembi a makopaletivu amalemba kale maina ndi manambala a NRC chaka chilichonse pa nkhani ya feteleza. Tikupempha buku limodzi chabe loonjezera.

M'bukumo mulembedwe dzina la munthu, pamodzi ndi dzina limene ankadziwika nalo ku nchito, pakuti ambiri analembetsa maina ena kapena azungu anawalemba molakwika. Mulembedwe mudzi ndi mfumu, mgodi kapena fakitale, dziko, zaka zimene anagwira, mtundu wa nchito, nambala yake ngati ikumbukika, ndi maina a anzake awiri amene angamuchitire umboni. Ngati anamwalira, mulembedwe chaka, mmene anadwalira, ndi dzina la mkazi kapena ana. Mapepala onse akale, chitupa, khadi la nchito, khadi la silicosis, mapepala a malipiro, kalata yotsikira nchito, zithunzi za X-ray, ajambulidwe pa foni kapena pa makina, kope lisungidwe ku parishi, lenileni libwerere kwa mwini wake. Mapepala otere atha kale ambiri. Ena anadyedwa ndi chiswe, ena anapichiridwa fodya, ena anatenthedwa posesa nyumba pambuyo pa maliro. Asalembedwe munthu amene sanavomere, ndipo za matenda ake zisalengezedwe pa guwa.

Tidziwa kuti ena adzati tikuutsa chiyembekezo chabodza. Tinene poyera: sitikulonjeza ndalama kwa aliyense. Amene anagwira ku Shabani ndi Mashaba njira yao ndi yovuta kwambiri chifukwa cha zimene tafotokoza, ndipo si aliyense wotsokomola amene ali ndi matenda a fumbi. Koma buku lili ndi phindu ngakhale ngwee isanabwere. Limathandiza dokotala kupeza matenda enieni. Limapatsa phungu wa nyumba ya malamulo chiwerengero choti aime nacho. Koposa zonse limachotsa mlandu pa mutu wa agogo osalakwa amene amalozedwa chala kuti analodza. Mabanja angati apasuka, ndipo ndi ndalama zingati zapita kwa asing'anga, pa imfa imene inayambira m'chigayo cha miyala ku Mashaba zaka 40 zapitazo?

Ena adzati anthuwo anatha kale. Sanathe onse. Amene anatsika nchito pa nthawi yogulitsa migodi ya ZCCM, imene inatha mu 2000, ambiri anabwerera kumudzi ndipo akali moyo. Alipo amene anachoka ku Zimbabwe zinthu zitavuta. Aliponso anyamata athu amene lero aphwanya miyala m'mbali mwa mseu ndi kukumba golide m'maenje ku Vubwi, Petauke ndi Lumezi popanda chotseka pamphuno, ndipo palibe amene awalemba pena paliponse. Iwo ndiwo odwala a mawa.

Tichenjezenso za akathyali. Paliponse pamene pamveka za ndalama za a kumigodi, pamatuluka anthu a zikwama oti lipirani tikulembeni. Kulembetsa ku Tshiamiso Trust nkwaulere. Buku la ku parishi nalo likhale laulere, ndipo pasapezeke wopereka pepala lake lenileni kwa mlendo.

Nkhani ya asbestos sithera kumigodi, pakuti ali pamwamba pa mitu yathu. Kwa zaka zambiri fakitale ya TAP ku Chilanga inkapanga malata ndi mapaipi a simenti yosakaniza ndi asbestos, ndipo nyumba zambiri zakale za boma, za kanselo, masukulu, zipatala ndi matchalitchi zinafoleredwa ndi malata amenewa. Anthu amawakonda chifukwa sachita dzimbiri, satentha ndipo sasokosa mvula ikamagwa. Ogulitsa akhala akunena kuti asbestos woyera wa ku Zimbabwe ndi wosaopsa poyerekeza ndi wabuluu wa ku South Africa. A WHO akuti mitundu yonse imayambitsa khansa, ndipo maiko oposa 50 anailetsa. Ife tikhulupirira madokotala koposa amalonda.

Sitikuti mawa aliyense akasasule denga. Lata lathunthu, losasweka, losakhudzidwa, ngozi yake ndi yochepa, ndipo kulisasula mosasamala ndiko kumatulutsa fumbi. Ngozi ili pocheka ndi sowo kapena galainda, poboola, popala ndere ndi bulashi yawaya, pophwanya, ndi posesa zinyenyeswa zouma. Komiti ya tchalitchi kapena ya sukulu ikaganiza zosintha denga, iyambe yafunsa a zaumoyo a kanselo kapena a ZEMA za katayidwe kake. Malatawo anyowetsedwe ndi madzi, atsitsidwe athunthu osaponya pansi, ana akhale kutali, ndipo ogwira nchito avale zotseka pamphuno zoyenera, pakuti kansalu wamba sikagwira ulusi wotere. Zovala zao zisapite kunyumba kukakutumulidwa ndi amai. Zidutswa zisagawidwe kwa akhristu kuti akamangire khola la nkhuku, kukwirira maenje a mumseu, kuyanikapo nsawa kapena kuotcherapo chimanga. Chimene chioneka ngati mphatso lero chingakhale chifuwa cha mdzukulu mu 2060.

Pempho lathu lipite kwa anthu anai. Kwa ambuye bishopu, abusa ndi akulu a mipingo yonse, kuti alole bukuli litsegulidwe ndi kulengezedwa Sabata ndi Sondo. Kwa mafumu athu, Nkosi ya Makosi Mpezeni, Kalonga Gawa Undi ndi mafumu onse a m'chigawo chino, kuti auze anyakwawa athandize alembi, ndi kuti mlandu wa ufiti pa imfa ya munthu wa kumigodi usamveke khadi la kuchipatala lisanaonedwe. Kwa aphungu athu, kuti akapemphe masiku odziwika chaka chilichonse pamene opima a ku Kitwe adzikhala ku Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi, olengezedwa pa Radio Maria ndi Breeze FM nthawi ikalipo, ndiponso kuti boma likambirane ndi Zimbabwe ndi South Africa za anthu athu amene anagwira kumeneko. Ndipo kwa ife eni ake, ana ndi zidzukulu, kuti titsegule masutikesi akale aja madzulo ano ndi kukhala pansi ndi agogo akali ndi mpweya wofotokozera.

Mutu umodzi susenza denga. Asilikali a pamadzi a ku Britain anadikira zaka zambiri, koma anali ndi boma limene linasunga maina ao ngakhale linkakana kulipira. Abale athu analibe wowasungira. Kope limodzi la masamba 96 ndi bolopeni sizifika mtengo wa nkhuku, ndipo msonkhano wa mphakati wa sabata ino ungathe kuyamba tsamba loyamba.